Kusisita mayi woyembekezera ndi amene wangochira: dzanja liti, pati, mphamvu yotani

Mawu akuti kusisita amabisa ntchito zingapo zosafanana. Kupaka mafuta pamsana pa mayi wa mimba ya miyezi 7 n'kusisita. Kumudinikiza m'chiuno matenda a pobereka atamugwira n'kusisitanso. Mzamba akamatikita chiberekero mwana atangobadwa, nayenso akusisita, koma cholinga chake n'kuletsa magazi. Zinthu zimalakwika munthu akatenga mphamvu yoyenera pamalo ena n'kukaiika pamalo ena. Dzanja lolemera limafunika kawiri kokha, ndipo konseko ndi pa tsiku lobereka. Kwina konse lopepuka ndi limene limathandiza.

Ululu wina si wosisita

Mimba imachititsa kuti magazi aziundana msanga. Thupi limatero pokonzekera tsiku lobereka kuti mayi asadzataye magazi ambiri, koma vuto lake n'lakuti nthawi zina amaundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo. Ngozi imeneyi imakula kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi mayi amene alibe mimba, ndipo imafika pachimake pa milungu 6 yoyambirira mwana atabadwa. Kawirikawiri umakhala mwendo wamanzere. Mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba n'kumapweteka, khungu n'kutentha kapena kusintha mtundu, musaukhudze. Kutikita pamenepo kungachititse magazi oundanawo kuchoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Mayi akayamba kubanika kapena kumva kulasa pachifuwa, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kutupa nakonso kuli mitundu iwiri. Mapazi onse awiri akamatupa madzulo n'kuphwa pofika m'mawa, zimenezo n'za mimba, ndipo kusisita mopepuka kumathandiza. Koma nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa osasiya, maso n'kumachita chidima kapena kuona tinyenyezi, pansi pa nthiti za kumanja n'kumapweteka, ganizirani za kuthamanga kwa magazi. Kukafika pa 140/90 mimba itapitirira milungu 20, mayi akhoza kuyamba kukomoka. Mafuta alibe ntchito pamenepo.

Siyaninso kusisita ngati mayi akutaya magazi, nsupa yasweka, thupi latentha, mwana wachepetsa kugunda, kapena ngati kusikelo anauzidwa kuti nsengwa yakhala pakhomo la chiberekero. Msana wopweteka mobwerezabwereza, kubwera n'kusiya, mimba n'kumalimba, milungu 37 isanakwane, akhoza kukhala matenda oyamba nthawi isanafike. Msana wopweteka mbali imodzi pamodzi ndi kuwotcha pokodza umaloza ku impso.

Nanga miyezi itatu yoyambirira? Akatswiri ambiri a masaji amakana kugwira mayi amene mimba yake sinakwane milungu 12. Palibe umboni woti kusisita mapewa kapena msana mopepuka kumachotsa mimba. Mapadera ambiri a nthawi imeneyi amachitika chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi. Amakana chifukwa ndi nthawi imene mimba zambiri zimachoka zokha, ndipo safuna kudzalozedwa chala. Komanso mayi wa nseru sakondwa ndi fungo la mafuta. Amene anapitapo padera kangapo ayambe wafunsa azamba kapena adokotala.

Agwire ndani

Katswiri wa masaji ali ndi ubwino wake: amadziwa minofu, ali ndi bedi ndi mapilo oyenera, ndipo amatha ola lathunthu osatopa. Koma si aliyense amene anaphunzira za amayi oyembekezera. Mudzamudziwa ndi mafunso ake. Wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti mimba ili ndi milungu ingati, magazi akuthamanga bwanji, munatayapo magazi, munadwalapo vuto la kuundana kwa magazi. Amene angoti "vulani mugone apa" osafunsa kanthu, bwererani. Pa mitundu ya masaji, sankhani ya dzanja loyenda pang'onopang'ono pamwamba pa minofu, imene ambiri amaitcha Swedish. Masaji yolowetsa zala ndi zigongono mkatikati mwa minofu ndi yosayenera m'miyendo. Ya Thai, yokoka ndi kupinda ziwalo, ili ndi vuto lina. Pa nthawi ya mimba thupi limafewetsa mitsempha yomanga mafupa, makamaka m'chiuno, kuti mwana adzapeze podutsa. Mfundo zimatambasuka kupyola muyezo mayi osamva kuwawa, ululu n'kudzabwera mawa lake.

Amafizo, akatswiri a kuchipatala othandiza mafupa ndi minofu ndi masewera olimbitsa thupi, ndi ofunika pamene vuto lili m'mafupa a chiuno. Zizindikiro zake n'zodziwika: kupweteka pafupa la pachinena pokwera masitepe, potembenuka pabedi, kapena poimirira ndi mwendo umodzi povala. Masaji imapepuza ululu wotere kwa tsiku limodzi basi, chifukwa gwero lake ndi mfundo zogwedera, osati minofu yotopa. Amafizo amaphunzitsa kayendedwe, kagonedwe ndi masewera olimbitsa minofu yozungulira chiuno, ndipo ena amapatsidwa lamba wogwira mafupawo. N'chimodzimodzi ndi dzanzi la m'zala usiku, limene limabwera madzi akachuluka pamfundo ya dzanja n'kufinya mtsempha. Chomangira dzanja pogona chimaposa kutikita kulikonse.

Munthu wa pakhomo, kaya bambo wa mwanayo, mchemwali kapena mayi ake a woyembekezerayo, alibe luso la katswiri, koma amapambana pa chinthu chimodzi: amapezeka tsiku lililonse. Ndipo phindu la kusisita lagona pa kubwereza. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi anatsogoleredwa ndi Tiffany Field wa ku Touch Research Institute, pa yunivesite ya Miami, ndipo anatuluka mu 1999. Amayi amene ankasisitidwa mphindi 20, kawiri pa mlungu, kwa milungu 5, ananena kuti nkhawa ndi ululu wa msana zinachepa ndipo ankagona bwino. Amayi onse a m'kafukufukuyo anali 26 okha, choncho tisamukweze kwambiri. Komabe onani muyezo wake: mphindi 20, kawiri pa mlungu. Umenewu ndi muyezo woti banja lingakwanitse, kusiyana ndi ola limodzi kwa katswiri kamodzi pa miyezi iwiri. Pa kutopa wamba kwa msana, mapewa ndi mapazi, njira iyi ndi imene ili patsogolo.

Makina ndiwo ali kumapeto. Mpando wosisita ungagwiritsidwe ntchito mphindi 10 kapena 15 pa mphamvu yotsika, wosayatsa zotenthetsa, ngakhale kuti mimba ikakula mayi sakhalapo momasuka. Kachipangizo kogwira pamanja kogunda minofu mofulumira kasafike pamimba, m'chiuno kapena m'miyendo. Makina saona nkhope ya munthu ikachita tsinya. Amene ali yekha angachite bwino ndi mpira wa tenisi: kuuika pakati pa khoma ndi mnofu wa thako kapena wa pansi pa phewa, n'kutsamira pang'ono kwa masekondi 30. Mphamvu yake amaiyeza yekha.

Kagonedwe

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ngakhale akatswiri ena. Kugona chagada mimba itapitirira milungu 20 kumachititsa chiberekero kutsamira pamtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, umene umadutsa chakumanja kwa msana. Pakangopita mphindi zochepa mayi amayamba chizungulire, thukuta lozizira ndi nseru, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Mukaona zimenezi mutembenuzireni kumanzere, zimatha msanga. Kugona chafufumimba n'kotheka pa miyezi yoyambirira yokha. Mabedi okhala ndi bowo lolowetsa mimba amaoneka anzeru, koma mimba ikamalendewera m'bowomo imakoka mitsempha yogwira chiberekero ndipo msana umapindika kwambiri.

Kugona cham'mbali ndiko kwabwino, makamaka kumanzere, ndipo kumafuna mapilo atatu kapena anayi. Imodzi pamutu, yokwera moti khosi lilunjike ndi msana. Ina yopyapyala, kapena thaulo lopinda, pansi pa mimba. Ina yaikulu pakati pa miyendo, yochirikiza bondo ndi phazi lomwe, kuti bondo la pamwamba lifanane kutalika ndi chiuno. Bondo likagwera pansi, chiuno chimapotoka, ndipo mumakhala mukusisita msana umene mukuupweteka nokha. Pilo yachinayi mayi aikumbatire. Amene akuvutika ndi kutentha pamtima kapena kubanika akhale chokhala, atatsamira pa mulu wa mapilo, kapena akhale pampando moyang'ana kumbuyo, manja ndi mutu zili pa chotsamira chake.

Kasisitidwe kake n'kosavuta. Tenthetsani mafuta m'manja mwanu, supuni yaing'ono imodzi. Yambani ndi zikhatho zonse ziwiri kumunsi kwa msana, mukwere mbali zonse za fupa la msana mpaka m'mapewa, mutsikire m'mbali. Bwerezani kwa mphindi 5. Pafupa penipeni musadinikize. Kenako mphindi 5 m'mapewa ndi m'khosi, mukufinya mnofu ngati mukukanda ufa wofewa. Mphindi zina 5 pamnofu wa thako ndi m'mbali mwa chiuno, mozungulira ndi tsinde la chikhatho. Malizani ndi mapazi ndi miyendo: dzanja lizingoyenda pamwamba pa khungu kuchokera kuphazi kupita kubondo, osafinya katumba, osalowa mkati mwa ntchafu, osadutsa pamitsempha yotupa yooneka kunja. Abambo ambiri amagwiritsa ntchito zala zazikulu, n'kutopa pa mphindi zitatu, mayi atamva kulasidwa. Gwiritsani ntchito chikhatho ndi kulemera kwa thupi lanu, ndipo muzifunsa kuti, "Apa ndichepetse?" Mukamaliza mayi adzuke pang'onopang'ono, ayambe wakhala kaye.

Pali mantha ofala okhudza malo awiri, pamwamba pa kakolo chamkati ndi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, akuti kudinikiza pamenepo kumayambitsa matenda. Kafukufuku woyesa kuyambitsa matenda mwadala podinikiza malo amenewa sanapeze umboni womveka woti zimatheka. Kusisita phazi wamba sikungabereketse munthu. Kudinikizapo mwamphamvu kwa nthawi yaitali kulibe phindu, ndiye ingokusiyani.

Mafuta ndi kuthowa

Mafuta wamba opanda fungo, kapena losheni amene mayi amadzola kale, ndi okwanira. Mafuta onunkhira otcheza kuchokera ku zomera ndi amphamvu kuposa mmene kabotolo kake kamaonekera. Asagwiritsidwe ntchito pa miyezi itatu yoyambirira, ndipo pambuyo pake asapitirire dontho limodzi pa supuni yaing'ono ya mafuta wamba, ya mamililita 5. A pennyroyal ndi a wintergreen asayandikire n'komwe. Mankhwala opaka opha ululu, monga okhala ndi diclofenac kapena methyl salicylate, ali m'gulu la mankhwala amene amatha kusokoneza impso ndi mitsempha ya mtima ya mwana mimba ikakula. Musapake musanafunse.

Kuthowa msana ndi nsalu yofunda kapena botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo, mphindi 15 mpaka 20, kulibe vuto. Choopsa n'kutenthetsa thupi lonse, monga m'chipinda cha nthunzi kapena m'bafa la madzi otentha kwambiri, makamaka mimba ikadali yaing'ono.

Pamimba ndi panjira ya mwana

Pamimba dzanja lizingoyenda ngati mukupaka mafuta. Kukankha mimba kuti mwana amene wakhala chokhala atembenuke ndi ntchito ya kuchipatala. Kumeneko amayesa pa milungu 36 kapena 37, atajambula kaye kuti aone pamene pali nsengwa, akumvetsera mtima wa mwana, chipinda cha opaleshoni chili pafupi. Wina akayesa popanda zonsezi, nsengwa ikhoza kumatuka. Kukankha mimba kuchokera pamwamba pobereka kuti mwana atuluke msanga, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO silivomereza.

Kusisita kumene kuli ndi umboni wolimba kuposa kwina konse ndi kumene anthu sakonda kukutchula: kufewetsa mnofu wa pakati pa njira yoberekera ndi kotulukira chimbudzi. Kuunika kwa mu 2013 kwa Cochrane, bungwe losanthula kafukufuku wa zaumoyo, kophatikiza kafukufuku 4 wa amayi pafupifupi 2,500, kunapeza kuti kumachepetsa kuvulala kofuna kusokedwa ndi 9 peresenti, komanso kuchekedwa powonjezera njira ndi 16 peresenti. Phinduli linaoneka bwino mwa amayi obereka koyamba. Amayamba pa milungu 34 kapena 35. Sambani m'manja, wengani zikhadabo, tsamirani pamapilo mawondo atapinda. Pakani mafuta wamba, lowetsani zala zazikulu masentimita 3 kapena 4, dinikizani chakumunsi ndi cham'mbali mpaka mumve kukoka ndi kuwotcha pang'ono, gwirani pomwepo mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako yendetsani zala ngati mukulemba U. Mphindi 5 mpaka 10, kamodzi kapena kawiri pa mlungu, n'zokwanira. Kuchita tsiku lililonse sikunaonetse phindu loposa. Musadinikize chakumtunda kumene kuli njira ya mkodzo, ndipo musachite ngati pali zilonda, kuyabwa, chikazi chachilendo, magazi kapena nsupa yasweka.

Matenda akayamba

Malo oyamba ofuna mphamvu ndi awa. Ululu ukagwira kumsana, kusisita kopepuka kumangonyansa. Mperekezi aike tsinde la chikhatho pafupa lophwatalala la kumunsi kwa msana, pamwamba pa matako, n'kutsamirapo ndi thupi lonse kuyambira pamene ululu wayamba mpaka utadutsa, osagwedeza dzanja. Njira ina, mayi atagwada kapena atawerama, n'kuika zikhatho pa matako onse awiri chakumbali n'kufinyira mkati ndi m'mwamba. Mperekezi amatuluka thukuta pa ntchito imeneyi, ndi bwino akhale awiri olandizana. Ululu ukadutsa, bwererani ku dzanja lopepuka m'mapewa. Malangizo a WHO a mu 2018 amavomereza kusisita ndi kuthowa pochepetsa ululu wa pobereka ngati mayi akufuna. Ena matenda akakula safuna kukhudzidwa ndi aliyense. Akati "ndisiyeni", musiyeni.

Mwana atabadwa

Malo achiwiri ndi chiberekero. Nsengwa ikatuluka imasiya bala lalikulu mkati, ndipo chimene chimatseka mitsempha ya pabalapo ndi kukhwinyata kwa chiberekero chenichenicho. Chikalimba bwino chimamveka pansi pa mchombo ngati mpira wouma. Chikafewa, magazi amatuluka. Mzamba amachirikiza ndi dzanja limodzi pamwamba pa chinena, lina n'kutikita pamwamba pake mozungulira, molimba, mpaka chiume. Zimapweteka ndithu. Potetezera kutaya magazi, chachikulu ndi jekeseni ya oxytocin, mankhwala okhwinyatitsa chiberekero, ndipo mayi amene wabayidwa safunika kutikitidwa mosalekeza, koma kumangoyezedwa ngati chiberekero chikadali cholimba. Magazi akafika mamililita 500, kutikita kumakhala chithandizo choyamba. Kafukufuku wa E-MOTIVE, amene anatuluka mu 2023 atachitikira m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anaonetsa kuti kuyeza magazi ndi pepala lokhala ndi muyezo, kenako kupereka pamodzi kutikita, oxytocin, mankhwala oletsa kutaya magazi a tranexamic acid ndi diripi, kunachepetsa mavuto aakulu a kutaya magazi ndi 60 peresenti. Mayi angaphunzire kudzigwira yekha pa maola oyambirira: akamva kuti mpira uja wafewa, atikite n'kuitana anamwino. Azikodzanso pafupipafupi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakankhira chiberekero pambali n'kuchilepheretsa kulimba.

Masiku oyambawo akadutsa, kutikita mimba mwamphamvu kulibenso ntchito. Chiberekero chimatsika chokha pafupifupi chala chimodzi pa tsiku, pofika milungu iwiri sichimvekanso pamimba, ndipo pa milungu 6 chimakhala chitabwerera. Kuyamwitsa ndi kumene kumachifulumizitsa. Minofu ya pamimba imene inatalikirana pakati siibwerera chifukwa choikanda, imafuna masewera oyenera ndi nthawi.

Mawere ndi pamene dzanja lolemera limawononga kwambiri. Pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu amatupa n'kuuma, ndipo achibale amathamangira kufinya kuti "atsegule njira". Kuuma kumeneko mbali yaikulu ndi kutupa kwa minofu, osati mkaka wotsekeka, ndipo kufinya kumavulaza mkati n'kuwonjezera kutupako. Malangizo a mu 2022 a Academy of Breastfeeding Medicine, bungwe la madokotala oona za kuyamwitsa, amaletsa kutikita bere mwamphamvu. M'malo mwake yendetsani zala mopepuka, ngati mukusisita mutu wa khanda, kuchokera kunsonga kupita kukhwapa, ndipo mukayamwitsa ikani nsalu yozizira mphindi 10. Ngati mwana akulephera kugwira chifukwa cha kuuma, dinikizani ndi nsonga za zala mozungulira tsinde la nsonga ya bere, molunjika kuchifuwa, kwa mphindi imodzi, pafewe. Pitirizani kuyamwitsa. Thupi likatentha, kapena bere likafiira n'kusasintha pa maola 24, pitani kuchipatala.

Masaji ya mapewa, khosi, manja ndi msana mayi amene wachira bwino angayambe pa masiku oyambirira omwe, ndipo mapewa ndi amene amaifuna kwambiri chifukwa cha kuwerama poyamwitsa. Miyendo ikhalebe ya dzanja lopepuka mpaka milungu 6 ithe. Wa opaleshoni asagone chafufumimba ndipo pabala pasakhudzidwe mpaka patapola, kawirikawiri pa milungu 6, adokotala ataona. Pamenepo kusisita chipsera kumathandiza kuti khungu lisamatirire ku minofu ya pansi. Yambani masentimita awiri pamwamba ndi pansi pa mzerewo, ndi zala ziwiri, mukusuntha khungu m'mwamba ndi m'munsi, uku ndi uku, kenako mozungulira, mphindi 5 pa tsiku. Pakatha mlungu umodzi kapena iwiri fikani pamzere penipeni, ndipo pambuyo pake yesani kutsina khungulo pang'ono n'kulinyamula. Dzanzi ndi kuyabwa n'zachizolowezi ndipo zimatha kukhala miyezi. Pakafiira, pakatentha, pakatuluka madzi kapena mafinya, siyani mukaonetse.